Bwanausi ndi Mpando Wakumbuyo

Mawu a Bwanausi anatha tsiku Loweruka, pa ukwati wina ku Insaca, m'boma la Mecanhelas, dzuwa lili paliwombo. Anakwera pansanja monga ankachitira kwa zaka zisanu ndi zitatu, anagwira maikolofoni, natsegula pakamwa. Chimene chinatuluka chinali mpweya wokha. Anayesanso kachiwiri. Anzake a m'gulu anapitiriza kuliza zida zawo, akubwerezabwereza malo amodzi kudikira kuti alowe, koma sanalowe. Pomaliza mlamu wa mkwati anakwera pansanjapo, nam'landa maikolofoni, n'kulamula kuti aike nyimbo za pafoni.

Pakhosi pake panali patayamba kupweteka miyezi itatu m'mbuyomo, iye n'kumanyalanyaza. Kuchipatala anam'thandiza ndipo moyo wake unapulumuka. Koma adokotala anamuuza mosapsatira kuti kulankhula adzalankhula, kuyimba ayi. Anabwerera kwawo ndi mawu osasa, onga a munthu wonong'ona. Anali ndi zaka makumi awiri mphambu zisanu ndi zinayi.

Nkhaniyi ndikulembera inu amene chinthu chimene munkachidalira chakutherani m'manja. Bwanausi ndinamuphunzitsa ine m'kalasi yachisanu ndi chiwiri, ndipo sindimukometsera. Sanali wakhama. Mayeso analephera kawiri, nasiya sukulu, pokhulupirira kuti munthu wa mawu onga ake safunika kudziwa china chilichonse. Mawuwo atapita, anatsala wopanda satifiketi, wopanda munda, wopanda ntchito ina imene manja ake anaizolowera.

Gulu lake linapeza woyimba wina pasanathe mwezi. Iye anapita ku Entre Lagos kukanyamula matumba a amalonda kuchokera pa siteshoni ya komboyo, sitima ya pamtunda ija, kufika pamalire a Malawi. Anzake a ntchitoyo ankamudziwa bwino, popeza ena mwa iwo anawayimbira pa maukwati awo.

“Che Bwanausi, tiponyereni kamodzi kaja ka ukwati, thumba lipepuke!” ankatero.

Sakanatha ngakhale kuwakalipira, chifukwa mawu ake sankafika patali. Ankangoweramitsa mutu n'kumapita. Anakhala motero zaka ziwiri.

Ku Insaca kunali mkulu wina, a Armindo, amene anagwira ntchito ya njanji moyo wawo wonse. Atapuma, anamanga kachipinda kojambulira nyimbo kuseri kwa nyumba yawo, makoma ake atawamata matiresi akale kuti phokoso la mumsewu lisalowe. Ojambula ena a m'derali ankagwiritsa ntchito kompyuta yokha: woyimba afika, makina aliza ng'oma ndi zina zonse, iye n'kumatsatira. A Armindo ankakana zimenezo. Ankasunga anthu atatu okhazikika, oliza zida kumbuyo kwa woyimba aliyense wobwera: Masudi pa ng'oma, Adelaide pa kibodi, ndi wachitatu pa besi, viyola kapena kuti gitala yaikulu ija ya nsambo zinayi yotulutsa mawu apansi. Wachitatuyo anali atasamukira ku Nampula, ndipo mpando wake unali wopanda munthu.

Tsiku lina a Armindo anapita ku siteshoni kukaona anzawo akale, nam'peza Bwanausi atasenza thumba la nandolo.

“Viyola umaidziwabe, mphwanga?”

“Ndimaidziwa, bambo.”

“Ndikufuna munthu wa besi. Ntchito yake n'kukhala kumbuyo kwa oyimba.”

Bwanausi anaima, thumba lili paphewa. “Ine, bambo? Kumbuyo kwa munthu wina?”

“Panopa uli kunsi kwa nandolo,” anatero a Armindo. “Kodi nandoloyo akukuwombera m'manja?”

Bwanausi anapitiriza ulendo ndi thumba lake. Atafika kunyumba anafotokozera mkazi wake, Zulfa, akuyembekeza kuti agwirizana naye pokwiya. Zulfa sanakwiye.

“Bambo a Zakiya, chiyambireni matumbawa zala zanu sizipuma. Mumagogoda pa chitseko, pa mphasa, ngakhale pamutu pa mwana. Pitani mukagogode kumene kukufunika.”

Lolemba lotsatira anapita.

Asanam'patse besi, a Armindo anamukhazika pansi natulutsa madisiku akale amene anagula ku Beira ndi ku Nampula ali anyamata. Zinali nyimbo za anthu akuda a ku Amereka, za m'zaka za m'ma 1960, zotchedwa soul. Anaika imodzi, kenako ina, mpaka zinakwana zisanu ndi imodzi, iliyonse ya woyimba wosiyana.

“Wamva chiyani?”

Bwanausi anafotokoza zonse zimene khutu la woyimba limamva: uyu mawu ake ndi okwera, uyu amakoka mpweya mochedwa, mayi uyu amaposa onse.

“Wamva pamwamba pokha,” anatero a Armindo. “Mveranso. Tsopano umvere pansi.”

Anabwereza zisanu ndi imodzi zija. Pa yachinayi Bwanausi anadzutsa mutu. Oyimba anali osiyana, koma phazi lomenya ng'oma linali limodzi. Dzanja la pa besi linali limodzi.

Apa ndi pamene a Armindo anam'fotokozera chimene achinyamata ambiri okonda nyimbo sachidziwa. M'mizinda monga Detroit ndi Memphis, nyumba zojambulira nyimbo zinkasunga gulu lawolawo la oliza zida. Anthu amenewa ankafika pa ntchito tsiku ndi tsiku monga amisiri ena onse. Woyimba ankabwera ndi nyimbo, nthawi zambiri yosatha bwino, ndipo iwo ndi amene ankaipezera mayendedwe, kuiikira maziko, ndi kusankha poti zida zilowe ndi poti zikhale chete. Chifukwa choliza limodzi zaka zambiri, ankamvana popanda kuuzana. N'chifukwa chake munthu ankatha kuzindikira nyumba imene nyimbo yajambulidwa woyimba asanatsegule pakamwa. Oyimba ankabwera ndi kupita, zithunzi zawo zili pa zikuto za madisiku. Mayina a oliza zida aja kawirikawiri sankalembedwa n'komwe.

“Ndiye ankapindulanji?” anafunsa Bwanausi.

“Woyimba mmodzi ali m'nyimbo zake zokha. Iwo ali m'nyimbo zonse.”

Bwanausi anamva mawuwo, koma kumva ndi kuchita n'zosiyana. Zala zake zinali zachangu, ndipo besi anaizolowera m'masabata ochepa. Vuto lake linali lina. Mawu amene anasowa pakhosi anafuna kuwatulutsira m'zala. Woyimba akayamba mzere, besi ya Bwanausi inkayimba mzere womwewo pamodzi naye. Woyimba akapuma kuti akoke mpweya, besi inkathamangira m'mpatamo ndi zokometsera zake. Sanali kuthandiza oyimba. Anali kupikisana nawo.

Masudi anadandaula. Adelaide anadandaula. Kenako kunabwera Stanley, woyimba wachinyamata amene anali atangoyamba kudziwika pamalire. Atayesa katatu, anavula zomvera m'makutu naziika pansi.

“Bambo Armindo, tandiuzeni. Woyimba pano ndi ndani, ine kapena akuluwa?”

Anatenga nyimbo yake napita nayo kutsidya kwa malire, kwa ojambula a kompyuta.

A Armindo sanakweze mawu. Anatenga besi ija, namasula nsambo ziwiri za mawu okwera, naziika m'thumba la malaya awo. Anam'bwezera Bwanausi chida cha nsambo ziwiri zokha.

“Ndikukupatsa mwezi umodzi. Usayang'anenso maikolofoni. Uziyang'ana phazi la Masudi. Likatsika, nawe tsika. Likakhala, nawe khala. Mwezi ukatha woyimba wina n'kutuluka muno monga watulukira Stanley, iwe udzam'tsatira. Adelaide akhoza kuliza besi pa kibodi ndi dzanja lamanzere.”

Bwanausi anadziwa kuti mkuluyo sakuopseza chabe. Anadziwanso kuti m'boma lonse la Mecanhelas munalibe malo ena amene munthu wopanda mawu akanakhalamo m'nyimbo. Akachoka pa mpando umenewo, nyimbo wasiyana nazo mpaka kalekale.

Mwezi umenewo unali wowawa kuposa zaka ziwiri za matumba. Kuwonjezera n'kosavuta, aliyense amatha. Kuchepetsa kumafuna munthu wodzigwira. M'mawa uliwonse, oyimba asanafike, Bwanausi ankakhala pansi pafupi ndi ng'oma yaikulu ya Masudi, maso ali pa phazi, akuliza mawu awiri okha kwa ola lathunthu. Masudi, munthu wanthabwala, sankam'lekerera.

“Che Bwanausi, phazi langa mwaliyang'ana mokwanira. Mukalifuna ukwati, kaonaneni ndi amalume ake.”

Bwanausi ankaseka pang'ono n'kupitiriza. Sabata yoyamba zala zinkathawabe kupita kumene kunali nsambo zochotsedwa zija, n'kukagwira thabwa. Sabata yachiwiri zinayamba kumvera. Sabata yachitatu, akujambula kwaya ina, anazindikira chinthu chimene sanachidziwe zaka zonse anali kutsogolo: kuti besi ndi ng'oma zikagwera pamodzi, woyimba amaima mowongoka, mapewa n'kumasuka, osadziwa n'komwe chimene cham'masula.

Tsiku lomaliza la mweziwo, a Armindo anatulutsa nsambo ziwiri zija nazimangiriranso.

“Kudziletsa chinthu palibe si kudziletsa,” anatero. “Lero zonse zinayi zilipo. Tione.”

Woyimba wa tsikulo anali mayi Hamida, wogulitsa matemba ouma wa ku Chiuta, wa zaka zoposa makumi asanu. Anali ndi nyimbo imodzi yokha, yonena za chaka chimene madzi a m'nyanja anaphwa, mabwato n'kutsala pamatope. Ankafuna kuti ijambulidwe zidzukulu zake zidzaimve. Atalowa n'kuona amuna atatu m'kachipindamo, anakonza mpango wake.

“Nyimbo iyi kwathu timayimba akazi okhaokha, tikamayanika nsomba. Amuna akundiyang'ana kumaso, siituluka.”

A Armindo anatembenuza maikolofoni kuti iloze kukhoma. Mayi Hamida anaima atawafulatira onse.

Mawu ake anali amphamvu ndi oyera, koma ntchito inakanika. Pamapeto pa mzere uliwonse ankakhala chete, pena kanthawi kochepa, pena kotalika, popanda dongosolo looneka. Masudi ankawerenga zinayi n'kumenya, mayiyo asanalowe. Akadikira, mayiyo ankalowa msanga n'kumusiya m'mbuyo. Pakamwa pake sankapaona, choncho analibe pogwira. Anayesa kasanu. Kachisanu Masudi anaika timitengo take pansi.

“Bambo Armindo, amayi awa sawerenga.”

Mayi Hamida anamva. Anawerama natola chikwama chake.

“Kutsidya anandiuzanso zomwezo, makina awo atandisiya panjira. Basi, ana anga, ndakutayitsani nthawi. Ine ndi wa matemba.”

A Armindo anayang'ana Bwanausi. Onse awiri anakumbukira pangano. Woyimba anali kutuluka.

M'maulendo asanu aja Bwanausi analiza mochepa monga anaphunzitsidwira, ndipo palibe akanamuimba mlandu. Koma pamene Masudi ankawerenga, iye ankayang'ana msana wa mayiyo. Anaona kuti pa nthawi yachete ija mutu wake unkagwedezeka pang'ono, ngati wa munthu amene akumvetsera. Anaonanso kuti asanalowe, mapewa ankakwera. Munthu amene anayimbapo amadziwa tanthauzo la mapewa okwera.

“Amayi,” anatero ndi mawu ake osasa aja, “taimani pang'ono. Pamene mukukhala chete paja, kwanu anzanu amavomera?”

Mayi Hamida anatembenuka pang'ono. “Nanga nyimbo n'kuyimba wekha, mwananga? Ine ndimatsogolera, iwo amavomera.”

“Kuvomerako n'kofanana paliponse?”

“Ayi. Pa mzere wa mabwato amavomera mwachidule. Pa mzere wa ana amakoka, chifukwa m'pamene pali chisoni.”

Mayiyo sanali kulakwitsa. Anali kudikira akazi a ku Chiuta amene munalibe m'chipindamo, koma iye ankawamva m'mutu mwake.

“Tiyimbireni kamodzi mmene amavomerera.”

Anayimba motsitsa. Kanali kanyimbo kokoma kwambiri, kokwera pang'onopang'ono n'kutsika mwadzidzidzi. Bwanausi atangokamva anadziwa pamene kali pa besi yake. Kanali pa nsambo ziwiri zimene zinabwerera m'mawa womwewo. Zala zake zinafika pomwepo zokha. Akanakaliza, aliyense womvera nyimboyo akanamva besi ikuyimba, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka ziwiri akanakhalanso ndi mawu.

Anachotsa zalazo.

“Mlongo Adelaide, kuvomerako tengani inu. Kumafuna mawu ofewa, onga a akazi. Besi ingawaphimbe amayiwa.” Kenako anatembenukira kwa wa ng'oma. “Che Masudi, musawerenge. Mwezi wonse ndayang'ana phazi lanu, lero inu muyang'ane mutu wa besi yanga. Ine ndiziyang'ana mapewa awo. Mutu wa besi ukatsika, menyani.”

“Ndiye ukwati uja wasanduka chitengwa,” anatero Masudi, akutola timitengo take.

Mayi Hamida anaika chikwama pansi nayang'ananso kukhoma. Anayimba mzere woyamba nakhala chete. Kibodi ya Adelaide inavomera mofatsa. Kunsi kwake besi inagwira liwu limodzi lokha, lalitali, losagwedezeka. Mapewa anakwera, mutu wa besi unatsika, ng'oma inagwa, ndipo mayiyo analowa pamodzi nayo. Pa mzere wa ana Bwanausi anadikira, nadikirabe, Masudi phazi lili m'mwamba, mpaka mapewa anakweranso. Nyimbo inayenda kuchokera poyamba mpaka pamapeto osaima.

Mayi Hamida anatembenuka, nayang'ana amuna aja kumaso kwa nthawi yoyamba.

“Lero ndaponda pouma,” anatero. “Ndani amandigwira kunsiku?”

Adelaide analoza Bwanausi.

“Iwe wa mawu osasawe? Unayimbapo iwe. Usandinamize.”

“Kale, amayi.”

“Ndadziwa. Wosayimba sadziwa pamene munthu akufuna mpweya.”

A Armindo anamvetsera zojambulidwazo kawiri, osayang'ana munthu. Kenako anazima makina.

“Mawa m'mawa kukubwera kwaya ya ku Entre Lagos,” anatero. “Usachedwe.”

Umo ndi mmene Bwanausi anasungira mpando wake.

Nyimbo ya mayi Hamida inayenda m'mafoni, kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo. Inamveka m'machapa, maminibasi aja a ku Cuamba, m'misika, ndi m'madoko a asodzi. Dzina limene linayenda nayo linali la mayi Hamida lokha. Sindibisa kuti poyamba zinam'pweteka Bwanausi. Iye mwini amanena kuti tsiku loyamba kuimva mu chapa, anthu akuyamikira mayiyo, anafuna kuimirira n'kunena kuti besiyo ndi iyeyo. Anakhala pansi, chapa n'kumapita.

Koma oyimba ali ndi makutu awo. Anayamba kufunsana kuti nyimbo imeneyo inajambulidwa kuti. Anabwera a makwaya, a maukwati, a nyimbo zachisilamu zotamanda, ndi amayi ena a kunyanja amene makina anawakana. Anabwera ochokera ku Cuamba, ndi ena owoloka malire kuchokera ku Malawi. Asanapangane tsiku, funso lawo linkakhala limodzi: kodi atatu aja adzakhalapo onse?

Papita zaka zisanu ndi ziwiri tsopano. A Armindo makutu awo afooka, ndipo ntchito yotsogolera gululo anaisiya m'manja mwa Bwanausi. Iye ali ndi lamulo lake limene saliphwanya: chida chilichonse chisanakhudzidwe, woyimba ayimbe yekha kawiri, oliza zida atakhala kumbuyo kwake manja ali pamaondo. Adelaide anam'phunzitsa kulemba ndi kuwerenga zizindikiro za nyimbo, ndipo munthu amene analephera kawiri kalasi yachisanu ndi chiwiri anakhala pansi miyezi isanu ndi itatu mpaka anazidziwa. Wamanga nyumba ya njerwa zootcha. Zakiya ali ku sekondale. Mawu ake sanabwerere, ndipo sadzabwerera. Koma nyimbo zoposa mazana awiri za m'dera lino zaima pa dzanja lake.

Tsopano ndilankhule nanu, owerenga.

Ambiri mwa inu mukagwa mumangofuna chinthu chimodzi: kubwerera pamalo penipeni pamene munagwera. Mukaona kuti n'zosatheka, mumati moyo watha, n'kukhala pansi kudikira chifundo. Kumeneko si kuvutika kokha, mulinso kunyada. Ntchito imene mukuikana chifukwa ilibe ulemu, chifukwa dzina lanu silidzatchulidwa, mwina ndi yokhayo imene ikufuna zonse zimene munaphunzira musanagwe. Bwanausi sanapulumuke chifukwa cha mwayi. Anapulumuka chifukwa analola kudzudzulidwa, anapirira mwezi wochititsa manyazi, ndipo pa nthawi imene akanatha kudzionetsa anasankha kuti ntchito ikome.

Chimene chinatayika chilireni, n'choyenera, koma musachilire zaka zonse. Funsani kumene manja anu akufunika lero, mupiteko m'mawa, ndipo akakudzudzulani mubwererenso mawa lake. Mtima wokhawo musautaye. Zina zonse munthu amaphunzira.